Mtengo wa Apozi Umene Tinatsala Pang'ono Kuudula

Mwana wathu wamkazi ali Sitandade 1 anapeza njere zitayamba kale kumera m'kati mwa chipatso cha apozi chimene tinagula m'sitolo. Anazifesa m'chitini kuseri kwa khitchini kwathu kuno ku Dedza, ndipo imodzi inapirira. Tinaiokera m'munda, tinaithira manyowa, n'kuitchingira mbuzi. Kuyambira pamenepo tonse pabanja tinkautchula kuti mtengo wake.

Tinadikira zaka 7. Mtengowo unatalika ndithu, koma unkachedwa kuphuka masamba ndipo maluwa anali owerengeka. Utabala, unatipatsa timaapozi tisanu tolimba, towawasa kuposa mango osakhwima. Mwanayo analuma kamodzi n'kuyang'ana kumbali. Usiku umenewo makolofe tinapangana zoudula iye ali kusukulu, kuti tidzalepo pichesi.

Tikunola nkhwangwa, anatipeza bambo wina wachikulire woyandikana nafe, amene kale anali mlangizi wa zaulimi. "Musaudule, ana anga," anatero. "Mizu yake ndi yabwino. Ukungofunika kuukwatitsa."

Anatifotokozera kuti njere ya apozi sibala zipatso zofanana ndi chipatso chimene inachokeramo. Duwa la apozi limalandira mungu wa mtengo wa mtundu wina kudzera mwa njuchi, choncho njere iliyonse imatulutsa mtengo wakewake, ndipo yambiri mwa mitengo yotere imabala zosakoma. Mwa apo ndi apo umapezeka wokoma. Maapozi obiriwira a Granny Smith anayamba choncho, pa mtengo umodzi womera wokha pafupi ndi Sydney ku Australia, cha m'ma 1868. Mitengo yonse ya mtunduwo imene ilipo lero inafalikira pokwatitsa timphukira tochokera ku mtengo umodzi umenewo.

Vuto lachiwiri linali kuzizira. Makolo a maapozi onse ndi mitengo yam'tchire ya m'mapiri a ku Kazakhstan, kumene kumagwa chipale chofewa. Mitundu yambiri imafuna chisanu chachitali kuti igone bwino, idzuke ndi maluwa. Dedza timati n'kozizira, koma kwa mitundu yotere June ndi July wathu sakwanira. Imene imachita bwino kuno ndi yofuna chisanu chochepa, monga Anna wochokera ku Israel ndi Dorsett Golden wochokera ku Bahamas. Iwiriyi imachita maluwa nthawi imodzi, motero imapatsana mungu.

Tinaulula kwa mwana zimene tinafuna kuchita zija. Anakhala chete kwa nthawi, kenako anati, "Amayi, mukwatitse, koma nthambi imodzi muisiye."

Kumapeto kwa July, mitengo itagona, bambo aja anabwera ndi timphukira ta mitundu iwiri ija, tonenepa ngati pensulo, kalikonse kali ndi maso atatu. Tinadula nthambi zinayi ndi sowo, n'kung'amba pakati pa chitsa chilichonse. Kamphukira tinakasema mbali ziwiri ngati mphero ya nkhwangwa, n'kukalowetsa m'mphepete mwa mng'aluwo. Chachikulu, anatero, n'chakuti kachigawo kobiriwira ka pansi pa khungwa la kamphukira kakhudzane ndi ka chitsa, chifukwa mpamene ziwirizi zimalumikizana. Tinamanga zolimba ndi pulasitiki kuti mphepo ndi madzi zisalowe.

Mwa timphukira tisanu ndi titatu, tisanu tinagwira. Titatu timene tinauma ndi timene tinasema ife ndi mpeni wobuntha. Miyezi yotsatira ntchito inali yothothola mphukira zomera m'munsi mwa pokwatitsa, chifukwa zikasiyidwa zimalanda chakudya chonse. Tinaphunziranso kupulula masamba otsalira m'nyengo yozizira, kuti mtengo ugone ndi kudzuka pamodzi.

M'chaka chachitatu, mvula itayamba, tinathyola maapozi odzaza beseni, otsekemera ndiponso amadzi ambiri. Mizu ya zaka 7 ija ndi imene inawadyetsa. Tikanaudula, bwenzi titataya zaka zonsezo.

Nthambi ya mwana ija ilipobe, ndipo imabala timaapozi take towawasa. Timatiphika n'kuika m'phala la m'mawa. July wapitayu mayi wina wa kutsidya anabwera kudzapempha timphukira. Mwana wathu, amene tsopano ali Folomu 3, ndiye anatenga mpeni, anaunola bwinobwino, n'kupita nawo kwawo kukawaonetsa kasemedwe kake.