Mapiri atatu ku Kafue

Ku Kabulonga zazitali ni mipanda chabe, phiri kulibe. Ndiye ine na mnzanga tinakwera sitima kupita ku Kafue. Basi imathamanga, inde, koma pawindo la sitima mapiri amabwera pang'onopang'ono, mpaka usankhe ako.

Tinasankha atatu. Loyamba tinakwera tikuseka. Pa lachiwiri udzu unatipitirira mutu, madzi m'botolo atafunda monga tiyi. Pa lachitatu palibe anakamba kanthu: pansi mtsinje wa Kafue, ulalo wa njanji wa 1906, na dambo lopita kutali cha ku Mazabuka.

Dzuwa litapendeka, miyendo ikunjenjemera, njira yotsikira tinafunsa amai ena osenza nkhuni. Anayang'ana nsapato zathu zodula, naseka, natitsogolera. Pobwerera tinakwera minibasi, tulo mpaka m'tauni.