Nthawi Imasungidwa ndi Dzina la Mzinda

Mwezi wa Epulo kasitomala wina anandibweretsera pulogalamu yokonzera misonkhano imene munthu wina anamulembera motchipa. Antchito ake ena ali ku Lilongwe, ena ku London. Zinthu zinkayenda bwino mpaka Lamlungu lomaliza la Malichi, pamene a ku London anayamba kulowa mumsonkhano ola lathunthu nthawi isanakwane. Nditayitsegula ndinapeza kuti mlembi wake anangoika kuti London imatsalira ndi maola awiri, basi. Sankadziwa kuti Britain imasuntha mawotchi kawiri pachaka. Zoterezi zimandipweteka mtima, chifukwa ntchito yathu imanyozeka kaamba ka anthu othamangira ndalama.

Ine ndinaphunzira ntchitoyi kwa bambo wina wachikulire ku Blantyre, munthu wosalankhulalankhula. Sabata yoyamba sanandilole kulemba chilichonse. Anandikhazika pa kompyuta yakale, n'kunditsegulira malo otchedwa /usr/share/zoneinfo, kumene Linux imasunga mafayilo a nthawi. Kenako anandipatsa mafayilo ena amene a mu zoneinfo amachokerako kuti ndiwerenge ndemanga zake. Ndinadabwa kupezamo mbiri ya malamulo a maboma, nkhondo ndi masiku amene mayiko anasintha mawotchi. Madzulo, tikumwa tiyi, ankandifunsa za nthawi mmene ankafunsira aphunzitsi a kupulayimale. Ndikayankha ndi nambala ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwana wanga, nambala ndi ya lero lokha. Tchula mzinda." Ndinkaona ngati akundichedwetsa, koma lero ndimadya chifukwa cha sabata imeneyo.

Mafayilowo ndi a tz database, imene anayiyambitsa Arthur David Olson m'zaka za m'ma 1980. Paul Eggert ndiye amayiyang'anira, ndipo kuyambira 2011 ili m'manja mwa IANA. Imatuluka kangapo pachaka, ndi mayina onga 2022a ndi 2022b. Funso langa loyamba pa ntchito iliyonse ndi lakuti, library iyi ikuwerenga kuti nthawi yake? Zoneinfo ya Python, imene inabwera ndi Python 3.9, imayamba yafufuza mafayilo a pa kompyutapo, ikawasowa imatenga phukusi la tzdata. Pa Windows mafayilowo kulibe, choncho woiwala phukusilo amaona pulogalamu yake ikugwa. Java imayenda ndi kope lakelake, moti mutha kukonza seva yonse koma Java n'kukhalabe ndi malamulo a chaka chatha.

Gawo limene ndimalikonda ndi la mayina. Dzina labwino limatchula dera ndi mzinda: Africa/Blantyre, Europe/London. Anasankha mizinda chifukwa mayiko amasintha mayina ndi malire, pomwe mzinda umakhalapobe. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti Africa/Blantyre, Africa/Lusaka ndi Africa/Harare ndi zala zoloza ku Africa/Maputo, popeza mawotchi a malo onsewa agwirizana kuyambira 1970. Ine ndimasungabe dzina limene munthu wasankha, chifukwa tsiku lina dziko limodzi likasintha, chalacho chidzakhala fayilo payokha. Mayina nawonso amasintha: Europe/Kiev inakhala Europe/Kyiv mu 2022, Asia/Calcutta inakhala Asia/Kolkata, koma akalewo amasungidwa kuti mapulogalamu akale asafe. Ovuta ndi mayina achidule. IST ikhoza kukhala India, Ireland kapena Israel. CST ikhoza kukhala America, China kapena Cuba. Ndiye pali msampha wa Etc/GMT-2, imene imatanthauza maola awiri patsogolo pa UTC, chifukwa chizindikiro chake chimatsatira POSIX ndipo n'chotembenuka. Windows nayo ili ndi mayina ake, monga South Africa Standard Time, amene amafunika kuwamasulira ndi tebulo la CLDR.

Msampha wina unandigwira ndekha ndili wophunzira. Ndinapatsira library ya pytz mwachindunji dzina la Africa/Maputo popanga deti, ndipo malisiti onse anasiyana ndi mphindi khumi. Library ija inatenga mzere woyamba wa fayilo, nthawi ya dzuwa ya mumzindawo, +02:10, ya kale malamulo a mawotchi asanabwere. Aphunzitsi anga sanandiuze yankho. Anandisiya masiku awiri mpaka nditadzionera ndekha.

Makasitomala samaziona izi. Akamva mtengo amati, "Achimwene, ndalama zonsezi n'zongoonetsera nthawi?" Ndimawauza kuti dziko la Samoa linadumpha tsiku lonse la 30 Disembala 2011, ndipo mu Malichi 2023 boma la Lebanon linachedwetsa kusintha mawotchi kutatsala masiku ochepa, kenako n'kubweza ganizolo. Amene analemba nambala anagona muofesi. Ngakhale zili choncho, ambiri amapitabe kwa wotchipa, n'kubwera kwa ine zitavuta, akufunanso kuti ndiwachotsereko.

Inu achinyamata amene mukulowa ntchitoyi, zimene zachitika kale zisungeni mu UTC. Zam'tsogolo zisungeni ndi ola la pamalopo pamodzi ndi dzina la mzinda. Dziwani kumene library yanu ikuwerenga, ndipo tz database ikatuluka yatsopano muiike sabata yomweyo.