Kwa Madalitso, amene akufuna konveta ya 3,800

Mada mphwanga,

Kuno mvula yagwa kawiri sabata ino, tiyi waphukira, ndipo othyola akulawirira ndi madengu kumsana nkhungu isanachoke m'minda. Mayi ako bondo lija likuwavutabe, koma khasu sakulisiya.

Uthenga wako wa pa WhatsApp wochokera ku Joniko ndaumvera katatu. Koyamba ndinangomva kubangula kwa injini. Kachiwiri ndinamva kuti Cressida ija waiika turbo yaikulu. Kachitatu m'pamene ndinazindikira kuti ukufunsa ine, nkhalamba ya sipanala, ngati ugule torque converter ya stall ya 3,800 imene anzako akukukopa nayo. Ndikuyankha polemba chifukwa pafoni umandidula mawu.

Ndikuyamikire kaye. Injini unasankhayo, 1JZ-GTE, ndi yopirira: malita 2.5, masilinda 6 ondondozana, ndipo a Toyota ankaitulutsa ndi mphamvu ya mahatchi 280. Masiku aja unkandigwirira tochi ine nditagona pansi pa thirakitala, iwe n'kumaunikira kwina, sindinkaganiza kuti udzafika pomanga galimoto yako.

Koma konvetayo umaidziwa, kapena umangodziwa mtengo wake? Tenga ndowa ya madzi, uyandamitsemo kambale, uzunguze madziwo ndi dzanja. Kambale kaja kayamba kuzungulira, chonsecho sunakakhudze. Dzanja lako ndiye injini, kambale ndiye giyabokosi, madzi ndiye oyilo wa ATF. M'kati mwa konveta muli kagudumu kena kotchedwa stator, kamene kamakhotetsa oyilo wobwerera kuti akathandize kukankha, n'chifukwa chake ponyamuka mphamvu yopotokola imachuluka pafupifupi kawiri. Nzeruyi anaiyambitsa Mjeremani Hermann Föttinger cha m'ma 1905, ndipo iye ankaganizira sitima zapamadzi, osati anyamata a ku Joni.

Tsono stall ndi iyi: giya ili pa D, waponda buleki zolimba, wapondanso mafuta mpaka pansi, matayala sanagudubuke. Pamene singano yoonetsa kuzungulira kwa injini yakaima m'pamenepo. Ya kufakitale imaima pa 2,000 ndi kanthu.

Anzakowo sakunama ayi. Turbo yaikulu imadzuka mochedwa ngati mlonda wa usiku, ndipo konveta ya stall yokwera imalekerera injini kuti ikwere msanga kufika pamene turboyo yayamba kupuma bwino. Ku Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp, kumene mumathamanga mamita 402 n'kuima, 3,800 ikhoza kukusekereretsa mpaka mano onse kuyera.

Koma iwe wanena kuti pa Khirisimasi ukubwera nayo kuno. Apa m'pamene ndinadzuka pampando.

Werenga msewu wako, Mada. Pa Beitbridge udzakwawa pamzere. Pa Nyamapanda chimodzimodzi. Ku Tete mu Disembala dzuwa limawotcha mpaka phula kufewa, ndipo ukachoka kumeneko ndi chikweza kufika pa Zobue ndi Mwanza. Ukadutsa Limbe, pa Bvumbwe tsiku la msika suthamanga, pokhapokha ufune kulipira kabichi ndi tomato wa eni ake. Ndiye ukasiya phula n'kulowa msewu wa dothi lofiira wa m'minda ya tiyi, udzapeza thirakitala ikukoka ngolo ya masamba kupita kufakitale, ndipo udzaitsata pambuyo mtunda wonse, malo opitirira palibe. Buti yodzaza, mipando yakumbuyo yodzaza, chifukwa ndimakudziwa subwera chimanjamanja.

Pa ulendo wonse wa m'mindamu singano yako sidzafika n'komwe pa 3,800. Konveta yotereyo, ikamayenda pansi pa stall yake ndi katundu pachikweza, imangoterereka. Injini ikulira, galimoto ikuyenda monyinyirika, ndipo mphamvu yotayikayo siuluka ayi, imasanduka moto m'kati mwa oyilo. ATF amasangalala pa madigiri 80 kapena 90. Akapyola 120 amayamba kupsa, timalabala totseka oyilo timauma, timbale ta kilatchi ta m'giyabokosi timapserera.

Ndinaziona ndi maso. Chaka china bwana wina wa pa esiteti imene ndinkagwirako ntchito anabwera ndi galimoto ya otomatiki, n'kumaikokera ngolo ya feteleza kukwera nayo kuminda ya kuphiri. Ndinamuchenjeza, anandiyang'ana ngati ndapempha ndalama. Isanathe nyengo yothyola, tinakaikoka ndi thirakitala. Nditasolola kachitsulo koyezera, oyilo amene amayenera kukhala wofiira ngati sobo anali wakuda ngati tiyi wogonera m'ketulo, fungo lake ngati nsima yopserera pansi pa mphika. Nditatsitsa chiwaya cha pansi, maginito ake anali atamera ubweya wa zitsulo. Ndipotu imeneyo inali konveta ya kufakitale, yosaterereka kwambiri. Nanga yakoyo?

Sindikuti usagule. Ndi turbo imeneyo, konveta yakale ikuchititsa manyazi ponyamuka, ndikudziwa. Ine ndikanakhala iwe ndikanafuna ya pakati, cha pa 2,600 mpaka 2,800. Ku Tarlton anzako adzakusiya pang'ono, koma kwanu udzafika.

Ndipo nambala yolembedwa pa katoni usaitenge ngati lumbiro. Konveta imodzi yomweyo, ukaimanga kumbuyo kwa injini yofooka imaima msanga, ukaimanga kumbuyo kwa yamphamvu imakwera kupitirira. Choncho usagule kwa munthu amene sakukufunsa mafunso. Wodziwa ntchito adzafuna kumva kulemera kwa galimoto, magiya a mu difu, kukula kwa matayala, ndi pepala la dyno loonetsa pamene mphamvu imayambira. Umuuzenso za Thyolo. Usachite manyazi kunena kuti kwanu kuli mapiri ndi matope. Safunsa anadya phula, koma amene safotokoza naye amadya lomwelo.

Lock-up usaitaye, ndakupemba. Ndi kakilatchi ka m'kati mwa konveta kamene kamagwirizanitsa injini ndi giyabokosi ukakhazikika pa liwiro, kuterereka kumatha, oyilo n'kuzizira. Ena amati kamangolemeretsa. Amenewo galimoto zawo amazinyamula pa ngolo popita kothamanga. Iwe uli ndi makilomita oposa 1,500 oti uyende, ndipo mafuta kuno sitiseweretsa. Mizere ya pa filing'i tinaigona zaka zapitazi, funsa aliyense. Kungoti kumbuyo kwa thirakitala lock-up sigwira, liwiro limachepa, ndiye pamafunika china.

Chinacho ndi redieta yaing'ono ya oyilo wa giyabokosi, yoima payokha kutsogolo komwe kumawomba mphepo. Ukhalenso ndi geji yoonetsa kutentha kwa oyiloyo. Zimenezi ndi zotsika mtengo kuposa marimu aja unanditumizira pa chithunzi, amene sindikufuna kuwatchula lero.

Zotchipa za pa intaneti uzichenjera nazo. Ena amangodula konveta yakale, n'kupinda zipsepse zake ndi pulayala, kuwotchereranso, kupaka penti yowala, basi ati ya mpikisano. Funsa ngati zipsepse zake anazimata ndi moto wa m'ng'anjo, komanso ngati chigoba chake n'cholimbitsidwa kuti chisafufume turbo ikakankha. Uonetsetse kuti mano a shafiti ndi mabowo a mabawuti akugwirizana ndi giyabokosi yako ya Aisin ya banja la A340, chifukwa zofanana nkhope n'zambiri.

Poika usapupulume. Thiramo oyilo kaye. Uilowetse ukuzunguza mpaka ikhale pansi penipeni, ilumikizane ndi pampu ya oyilo ya giyabokosi. Ukaona kuti giyabokosi ikukana kukumana ndi injini, usaikoke ndi mabawuti ngati mmene unachitira ndi chitseko cha agogo ako. Ukatero waswa pampu injini isanalire n'komwe. Mapaipi a oyilo uwatsuke, zinyalala zakale zisalowe mu chatsopano.

Konveta yakale usagulitse. Ikulunge m'thumba, uiponye mu buti pamodzi ndi malita angapo a ATF. Zikakuvuta kuno, amakaniko a ku Ndirande ndi ku Limbe ali ndi manja, akhoza kukubwezeretsera yakaleyo tsiku limodzi, koma ya 3,800 sudzaipeza pa shelefu, udzadikira basi ya ku Joni.

Ndinawawerengera mayi ako kalatayi ndisanatumize. Za stall sanamvepo kanthu, anangofunsa ngati mpando wa kutsogolo uli wotsika kwambiri, chifukwa cha bondo lija. Akuti Lamulungu loyamba ukafika udzawatengere kutchalitchi, ndipo udzayendetse pang'onopang'ono kuyambira pa golosale mpaka pachipata, magalasi otsitsa, kuti amayi a m'bungwe lawo aone bwino. Ndi mtunda wokhawokha pamenepo, ukukumbuka, ndipo adzafuna kuima kupereka moni kwa aliyense.

Ubwere ndi sipanala ya 14, yanga anabwereka sanabweze.

Ndine malume ako,
kuno ku Thyolo