Kuseri kwa katani ku Chirunga

Kuchokera pa depoti ya Zomba kupita ku Chirunga si patali. Anyamata a njinga zamoto amakulimbirana ukangotsika minibasi, koma ine ndi mwana wa mlongo wanga tinasankha kuyenda pansi, phiri la Zomba lili kumbuyo kwathu. Mtsikanayu walemba MSCE, wakhoza bwino, ndipo pa fomu yofunsira malo ku yunivesite akufuna kuika zisudzo patsogolo. Mayi ake akufuna unamwino. Nkhani inakula pakhomo mpaka anandiitana ine mwini mbumba, ndipo ndinati tiyambe takaona malowo ndi maso, mlandu tidzaukamba pambuyo.

Ukalowa pa geti, chimene chimayamba kukulandira ndi njerwa zofiira ndi makonde aataliatali olumikiza nyumba ina ndi inzake, kuti mvula ya ku Zomba ikagwa munthu asanyowetse mabuku. Sukuluyi inasamukira kuno mu 1973 kuchoka ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, pamene Zomba inali idakali likulu la dziko. Kwa zaka zambiri inkatchedwa Chancellor College. Chichokereni mu 2021, pamene makoleji ena anaima paokha, dzina lakuti University of Malawi linatsalira pano, ngakhale aliyense m'tauni amangoti ku Chanco. Tinadutsa laibulale, tinapatukira anyamata othamangira kalasi, ena atachokera ku Chikanda kumene amachita lendi, fumbi lili mbuu kumapazi. Sitinaime. Ife tinkafuna Great Hall.

Holoyi anthu ambiri amaidziwa chifukwa cha tsiku lolandira madigiri, makolo atavala zatsopano, nthungululu zili pakamwa. Tsiku wamba imakhala zii, mipando ili mizeremizere, mawu ako akubwerera okha kuchokera kudenga. Mwanayo anaima pakhomo n'kuyang'ana siteji nthawi yaitali osanena kanthu. Ndinadziwa chimene ankaona: ankadziona yekha ali pakati pomwepo, magetsi akumuwalira, anthu akuwomba m'manja. Palibe choipa pamenepo. Mwana aliyense amene anachitapo sewero pa mpikisano wa ATEM amabwera ndi maloto omwewo, ndipo mpikisanowu, umene aphunzitsi a Chingerezi anauyamba mu 1969, waleradi anthu. Du Chisiza Jr anadziwika kudzera momwemo ali pa sukulu ya HHI, ndi sewero lake la The Deceased's Attack, asanapite kukaphunzira ku Philadelphia n'kudzabwera kuyambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987.

Koma malo ano ali ndi mbiri yawoyawo imene ndinafuna kuti aimve ali chiimire. Gulu la zisudzo la sukuluyi, Travelling Theatre, linayamba mu 1970, ndipo poyamba linkayendera sukulu za sekondale ndi masewero a Chingerezi. M'zaka zimenezo ndi mmene Steve Chimombo analemba The Rainmaker, potengera nkhani ya M'bona, ndipo James Gibbs anasonkhanitsa masewero a Amalawi m'buku la Nine Malawian Plays mu 1976. Inali nthawi yovuta. Lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero lililonse liyambe laonedwa ndi bungwe la Censorship Board lisanafike pamaso pa anthu, choncho olemba anaphunzira kubisa nkhani m'nthano ndi m'miyambi, ochita sewero anaphunzira kunena ndi nkhope zimene pakamwa sipakanatha kutchula. Kenaka mu 1981, aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr anatenga ophunzira kupita nawo ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, kukapanga masewero pamodzi ndi anthu akumudzi, m'chilankhulo chawo, pa nkhani zawo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 anali ku Mwima, kufupi ndi Liwonde, akukamba za zitsime ndi matenda otsekula m'mimba kudzera m'sewero, anthu oonerera akulowerera n'kumatsutsana ndi ochita sewerowo. Zisudzo zachitukuko zimene mabungwe amadalira lero zinaphukira pamenepo. Amene amati ku Chirunga ana amangokaphunzira nthabwala sadziwa zimenezi.

Phokoso la ng'oma linatikokera ku Little Theatre. Tinapempha kulowa, ndipo anatilola kukhala kumbuyo bola tizime mafoni. M'katimo munali ophunzira ngati khumi ndi awiri akuyeserera sewero la mayeso awo. Mnyamata wina ankachita za mfumu, ndipo ankachita bwino ndithu, mawu ake akuchokera pansi pa chifuwa. Mwana wa mlongo wanga maso anali pa iyeyo. Anga anapita pakona, pamene panakhala mtsikana wovala zakuda, pensulo ili kukhutu, fayilo yaikulu ili pamiyendo, wotchi ili pambali. Sanalankhule mawu amodzi a m'sewero. Koma mfumu itaiwala mzere, ndi iye anaikumbutsa. Wina atalowera kumanzere m'malo mwa kumanja, anakweza dzanja, zonse zinaima. Ng'oma itachedwa pang'ono chabe, anati, "Tibwereze kuyambira pamene amayi agwetsa lichero," ndipo aliyense anabwerera pamalo pake popanda kuwiringula, ngakhale wotsogolera sewero amene.

Atapuma ndinamuyandikira. "Achemwali, kodi inu ndiye mwini sewero?"

Anaseka. "Ayi bambo, ine ndine stage manager. Sewero ndi la anzangawa. Langa ndi bukuli."

Anatitsegulira. Tsamba lililonse linali ndi mawu a sewero mbali imodzi, mbali inayo zolemba zake za pensulo: apa magetsi atsike, apa nyimbo ilowe, apa mpando uchotsedwe ndi uje, apa mfumu ili ndi mphindi imodzi yokha yosinthira mkanjo. Kumapeto kunali mndandanda wa katundu yense, kuyambira mkondo mpaka chikho, ndi dzina la amene anabwereketsa. Kunali ndandanda ya masiku oyeserera, ndi chizindikiro pa aliyense wochedwa. Kunali ngakhale tsamba la zoyenera kuchita magetsi akazima pakati pa sewero: ndani agwire tochi, ndani ayambitse nyimbo kuti anthu asabalalike, ayambirenso pati akayaka. Anatiuza kuti wotsogolera sewero ntchito yake imatha tsiku loyamba kuonetsa. Kuyambira pamenepo, amene amalamula kuti katani itseguke ndi iyeyo.

Kwathu ku gule munthu wotere timamudziwa. Maso onse amakhala pa chilombo chimene chikuvina, koma pali atsabwalo amene akonza bwalo, adziwa chilombo chiti chituluke nthawi yanji, aletsa ana kuyandikira, aonana ndi oimba ng'oma. Iwo akagona, gule amasokonekera ngakhale ovina akhale akatswiri chotani.

Ndikunena izi chifukwa ndaonera masewero ambiri m'maholo a m'dziko muno, ndipo chimene chimatigwetsa kawirikawiri si kusowa kwa luso. Luso lilipo lambiri. Chimatigwetsa ndi sewero lolembedwa kuti liyamba 1 koloko n'kuyamba 3 koloko, mayikolofoni olira pakati pa mawu achisoni, mdima wa mphindi zisanu pamene anthu akukokerana tebulo kuseri, wochita sewero kutuluka atavala nsapato za m'chigawo chapitacho. Oonerera alipira ndalama zawo, ndipo akakhumudwa kawiri sabweranso. Zonsezi ndi ntchito ya munthu mmodzi amene magulu athu ambiri alibe, kapena amangopatsa aliyense amene wasowa gawo.

Tinatuluka n'kukhala pa benchi pansi pa mtengo. Mwanayo anatulutsa mapepala ake, ndipo tinayamba kuwerenga za kafunsidwe ka malo. Ofuna kulowa m'mayunivesite a boma amafunsira kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, ndipo amasankha maphunziro motsatana ndi mmene akuwafunira. Choyamba chofunika ndi makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chili momwemo. Kirediti ndi giredi 1 mpaka 6, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti mwayi wakula. Maphunziro aliwonse amakhalanso ndi zofuna zakezake, ndiye munthu awerenge chikalata cha chaka chimenecho mzere ndi mzere, asadalire zimene anamva kwa mkulu wake amene anafunsira kale, pakuti maina a madigiri ndi zofunika zake zimasintha. Za fizi, pali bungwe lobwereketsa ngongole kwa ophunzira, Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene limafunsiridwa padera munthu akapeza malo.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Satifiketi ya MSCE ilibe malo olembapo kuti mwana uyu anayendetsa kalabu ya zisudzo zaka zinayi, anasunga ndalama za gulu osasowetsa tambala, anafikitsa anzake makumi awiri ku mpikisano wa chigawo pa nthawi yake. Mwana wotere akapunthwa pa Chingerezi, chitseko chatsekeka, pamene wina amene anaika zisudzo kumapeto kwa fomu pongodzazitsa mzere akhoza kulowa n'kumakhala m'kalasi mtima uli kwina. Ndiye ndinamuuza mosabisa kuti wokonda zisudzo asanyoze kalasi. Amene akuthawa phunziro la masamu kapena la Chingerezi kuti akayeserere sewero akudzitsekera yekha njira yopita ku siteji imene akuifunayo.

"Nanga kunja, amalume?" anafunsa.

Kunja njira ndi ina. Ku South Africa, sukulu monga University of Cape Town ndi Market Theatre Laboratory ya ku Johannesburg, imene Barney Simon ndi John Kani anayambitsa, zimafuna kukuona ukuchita. Umakonzekera chigawo chachifupi cha sewero cholankhula wekha, nthawi zina ziwiri zosiyana mtima, n'kukachita pamaso pa aphunzitsi. Amatha kukuimitsa n'kukuuza kuti ubwereze mwa njira ina, osati chifukwa walakwa, koma kuti aone ngati umamva malangizo. Wofuna kuyang'anira siteji m'sukulu zambiri za ku Ulaya ndi ku America sachita sewero ayi. Amapita ndi buku ngati lija tinaona, zithunzi za masewero amene anagwirapo ntchito, makalata a aphunzitsi omuchitira umboni, ndipo amamufunsa mafunso monga akuti akanatani wochita sewero atakomoka katani ili pafupi kutseguka. Mwana wa ku Ntcheu kapena ku Mchinji akhoza kuyankha funso limenelo bwino kuposa ambiri, pakuti wakula akupanga sewero popanda magetsi, popanda holo, ndi zovala zobwereka. Chimene amasowa ndi umboni. Palibe anamuuza kuti asunge pepala.

Funso la mayi ake, lakuti adzadya chiyani, si lopusa, ndipo sindinafune kulipeputsa. Zisudzo za pa siteji zokha sizinalemeretse anthu ambiri kuno. Gulu la Kwathu lakhalapo kuyambira 1980, ndipo Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, anaseketsa dziko lonse, komabe ochita zisudzo ambiri amakhala ndi ntchito ina yowadyetsa. Malemu Gertrude Kamkwatira anayendetsa gulu lake la Wanna-Do ndi thukuta lenileni mpaka imfa yake mu 2006. Koma taonani kumene ophunzira zisudzo amafika: ku wailesi ndi pa kanema, ku mabungwe monga CRECCOM ya konkuno ku Zomba ndi Story Workshop ya ku Blantyre, ku Nanzikambe, m'makalasi a sekondale, m'mafilimu. Michael Usi, amene dziko linamudziwa ngati Manganya mu Tikuferanji, anafika pa udindo wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Ndipo mwa onsewa, amene ndikuona kuti sangagone ndi njala ndi uja wa pensulo kukhutu. Chikondwerero cha nyimbo, msonkhano waukulu, mwambo wa boma, ukwati wa anthu mazana asanu, kujambula filimu, zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuti chakuti chichitike mphindi yakuti ndipo achite ndi uje. Anthu otere ndi ochepa, ndipo owafuna akuchuluka.

Tisananyamuke tinabwereranso ku Little Theatre kukatsazika. Anzake onse anali atapita kukadya. Mtsikana uja anali yekha, akusesa siteji, akuwerenga katundu n'kumachonga m'buku. Mwana wa mlongo wanga anatola lichero limene linagwera kuseri kwa mpando n'kumupatsa, ndipo anayamba kucheza. Ndinamva akumufunsa ngati munthu angathe kuphunzira zonse ziwiri, kuchita sewero ndi kuyang'anira. Yankho linali lakuti aliyense amayamba walawa zonse, kunyamula mipando, kusoka zovala, kugwira magetsi, ndipo ambiri amadzazindikira mochedwa kumene mtima wawo uli. Anamulangiza kuti akabwerera kwawo akapemphe gulu la achinyamata la kutchalitchi kuti awayendetsere sewero la Khirisimasi, alembe zonse, asunge.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi amene mumayang'anira makalabu a zisudzo m'sukulu zathu. Mukamagawa magawo, musapereke ntchito ya kuseri kwa mwana amene mwamuona kuti sangathe kulankhula. Sankhani wodalirika kuposa onse, mumugulire kope ndi pensulo, mumupatse mphamvu yoimitsa ngakhale katswiri wa gulu, ndipo tsiku la mpikisano mutchule dzina lake pamaso pa anthu. Akamamaliza Fomu 4, mulembereni kalata yonena zimene anachita, ndipo kope lija apite nalo kwawo.