Disiki siidzaza mwadzidzidzi

Masiku ano mnyamata aliyense wodziwa kuika Zabbix akudzitcha katswiri wa maseva. Amalipiritsa theka la mtengo wanga, amasiya zonse mmene zinabwerera, n'kumapita. Kenako eni kampani amandidandaulira kuti ndimadula, chonsecho ntchito ndi yomweyo. Si yomweyo ayi!

Za kuika pulogalamuyo sindikambapo, aliyense angathe. Luso lagona pa kudziwa nthawi imene chenjezo liyenera kulira. Disiki ya 2 TB ikafika pa 90 peresenti, ndiye kuti kwatsala 200 GB, malo oti mwina atha miyezi. Koma ya 20 GB pa mlingo womwewo yatsala ndi 2 GB basi, ndipo ma log a database akhoza kumeza malowo usiku umodzi. N'chifukwa chake ine ndimawerengera nthawi imene yatsala. Mu Zabbix ndimadalira timeleft, mu Prometheus predict_linear. Kukatsala sabata, imelo yakwana. Kukatsala maola 4, foni indidzutse.

Pa VMware pali msampha wina. Ndi thin provisioning, makina amalonjezedwa malo ochuluka kuposa amene alipodi pa datastore. M'kati mwa makinawo df -h ikuonetsa kuti zonse zili bwino, uku snapshot yoiwalika ikufufuma pansi. Datastore ikadzaza, makina ofuna malo olembapo amaima. vCenter imachenjeza pa 75 ndi 85 peresenti, koma ngati sunaipatse adiresi ya imelo, chenjezolo limangofiira pa sikirini popanda woliona.

Zonsezi anandiphunzitsa ndi bambo ena a imvi amene anayamba ntchito kudakali matepi. M'mawa uliwonse ankandipatsa kope ndi bolopeni, kuti ndilembe ndekha manambala a disiki iliyonse, ndifanizire ndi adzulo. Ndikamaliza, ankagogoda tebulo ndi chala mpaka nditayendetsanso df -i, pakuti ma inode akatha, disiki imakana fayilo yatsopano ngakhale malo alipo. Chenjezo likalira koma popanda choti munthu achitepo, ankalichotsa tsiku lomwelo. Ankadziwa kuti mameseji akachuluka anthu amaleka kuwawerenga, ndipo lenilenilo limadutsa osaoneka. Anali aukali, koma mpaka lero ndimawathokoza.

Inu a makampani, musanapatse munthu maseva anu chifukwa choti watchipitsa, mufunseni kuti datastore yanu idzaza liti, ndipo adzadzutsidwe ndani. Akalephera kuyankha, musamulembe ntchito.