Ampu ya besi ndi ndalama za nandolo

Achinyamata anzathu, sabata ino tikambirane nkhani imene yautsa mkangano pakati pathu chigulitsireni nandolo wa m'munda wa gulu. Ndalama zili m'manja mwa msungichuma, ndipo tinamvana kale kuti zigule ampu ya gitala ya besi. Chimene sitinamvane ndi chakuti ikhale yotani. Anyamata athu amene amakonda nyimbo za metal, zija zogunda ngati mabingu a pa Michesi mwezi wa Januwale, akufuna yaikulu. A kwaya akufuna yofatsa. Msungichuma akufuna yotsika mtengo, ndipo sitingamunene, pakuti chiyambire mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, chilichonse chochokera kunja chimapweteka thumba. Ife tikuona kuti onsewa angathe kukhuta m'mbale imodzi, malinga tileke kukopeka ndi nambala yolembedwa pa katoni.

Tiyambe ndi chifukwa chimene besi imadyera mphamvu chotere. Nsambo yaikulu ya besi, ija ya E, imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi imodzi. Oimba metal amakonda kuikhwefula kuti itsikire ku D, pamene imanjenjemera ka 37. Mawu otsika chonchi khutu la munthu limawamva movutikira, ndipo sipika iyenera kukankha mpweya wambiri kuti afike pa benchi lomaliza. N'chifukwa chake wa gitala wamba amatha kugonthetsa holo yonse ndi mawati 30, pamene wa besi pa mawati omwewo amangooneka zala zikuyenda, mawu osamveka. N'chifukwa chakenso besi siilumikizidwa ku ampu ya gitala wamba n'kukweza: sipika yake siinapangidwire kuyenda mtunda wotero, imang'ambika.

Tsono pali chinyengo chimene tiyenera kuchidziwa tisanakwere minibasi ya ku Limbe. Mudzapeza bokosi lonyezimira, la timagetsi tobiriwira ndi tofiira, lolembedwa kuti mawati 2000, mtengo wake wosangalatsa mtima. Yang'anitsitsani pambali pa nambalayo. Ngati palembedwa PMPO, imeneyo ndi mphamvu ya kamphindi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, ndipo wopanga aliyense amaiwerenga mmene wafunira. Nambala yodalirika ndi yolembedwa RMS, imene imanena mphamvu yomwe ampu ingatulutse mosalekeza mpaka nyimbo itatha. Ampu ya mawati 100 a RMS imagwetsa kutali bokosi lija la 2000. Dziwaninso kuti kuwirikiza mawati sikuwirikiza phokoso. Kuchoka pa 100 kufika pa 200 khutu limamva kusiyana pang'ono chabe. Kuti limve ngati phokoso lawirikiza, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi.

Kodi tsono tifuna mawati angati? Woyankha funsoli si wa besi ayi, koma wa ng'oma. Woyeserera yekha m'chipinda angakhutire ndi mawati 25 kapena 40. Koma pakakhala mnyamata womenya madiramu ndi mkono wonse, monga zimakhalira mu metal, mawati 100 ndiye poyambira, ndipo 200 ndiye pamene wa besi amapuma bwino. Sipika ikhale ya mainchi 12 kapena 15, kapena ziwiri za mainchi 10. Mwa maina odziwika, Fender Rumble 100 ili ndi sipika ya mainchi 12 ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 10 okha. Aliponso a Hartke, Ampeg ndi Peavey. Yatsopano ya maina amenewa nandolo wa chaka chimodzi sangaifikire, koma yogwirapo ntchito, imene ena amabwera nayo kuchokera ku Joni, ingatheke.

Apa tiime pang'ono, chifukwa ndi pamene anyamata athu a metal ayenera kumvetsera. Iwo akuganiza kuti kulemera kwa nyimbo zawo kuli m'kabatani ka mawu otsika, ndiye amakapotoza mpaka kumapeto, malata a holo n'kumalira, mawindo n'kumanjenjemera. Zikatero chimamveka ndi chiphokoso chonga cha chigayo, ndipo palibe angadziwe ngati woimbayo wagwira G kapena A. Mu metal magitala awiri okalipa aja amadzaza kale malo, ng'oma yaikulu ya phazi nayo imatenga pansi. Besi imapeza mpata wake pakati, pa mawu amene amanjenjemera ka 500 mpaka ka 1000 pa sekondi. Pamenepo ndi pamene pali kubangula kuja ndi kulira kwa chitsulo cha nsambo. Mvetserani Steve Harris wa Iron Maiden: besi yake imamveka ngati ziboda za hatchi, nsambo iliyonse payokha, osati chifukwa chokweza koma chifukwa cha mawu apakati ndi apamwamba. Choncho ampu yathu ikhale ndi kabatani ka mawu apakati kogwiradi ntchito, ndipo akakhala awiri, ndi bwino koposa. Ubwino wake ndi wakuti mawu apakati safuna mawati ambiri. Amene waphunzira ichi wapulumutsa theka la ndalama. Ndipo ampu yomweyo, mukabweza kabataniko, idzaperekeza kwaya mwaulemu wonse.

Tikudziwa kuti makolo ena akamva dzina loti metal amakwinya nkhope. Sitiwatsutsa pa zonse, pakuti magulu ena amaimbadi zosayenera khutu la mwana. Koma tingonena izi: Geezer Butler, wa besi wa gulu la Black Sabbath limene linayamba ku Birmingham mu 1968, anakulira m'banja la Chikatolika, ndipo nyimbo yawo yotchedwa After Forever ya mu 1971 imakamba poyera za kukhulupirira Mulungu. Kuno ku Africa nakonso, ku Ghanzi m'dziko la Botswana, m'chipululu cha Kalahari, kuli gulu la Overthrust limene limachititsa chikondwerero cha nyimbozi. Ndipo kukonda mawu otsika sitinakuphunzire kwa azungu. Mlhomwe aliyense amene anavinapo tchopa akudziwa mmene ng'oma yaikulu imagwirira pachifuwa. Babatoni, besi ya nsambo imodzi imene Madalitso Band ndi Gasper Nali afika nayo mpaka ku Ulaya, ilibe wati ngakhale imodzi.

Chinthu chimene magazini a kunja sangatiuze ndi magetsi athu. Ampu iyenera kukhala ya mavoti 230. Zina zochokera ku America ndi za 120, ndipo mukazilumikiza kuno osayang'ana kumbuyo, mudzangomva fungo. Tonse tikukumbukira mdima wa mu 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Magetsi akamabwerera atazima, nthawi zina amabwera ndi ukali, ndipo jenereta yaing'ono nayo imakwera n'kutsika. Pa ndalama zathu tipatule kale gawo la kachipangizo koteteza ku magetsi olumpha, ngakhale zitanthauze kugula ampu yocheperapo. Ogwiritsa ntchito sola adziwe kuti inveta yotchipa imalowetsa kulira kwa njuchi m'sipika.

Pali kusankha kumodzi kumene sitinganamizire kuti n'kophweka. Maampu amakono a Class D ndi opepuka. Wa kabaza angathe kumangirira imodzi pa keliyala kuchoka pa boma kukafika ku Migowi popanda kudandaula. Koma ikapsa, m'kati mwake muli tizipangizo tating'onoting'ono timene wokonza mawailesi wa pa msika sangatisinthe. Peavey yakale, monga TNT 115, ndi chimwala chofuna anthu awiri, koma mmisiri wodziwa ntchito amaitsegula, n'kuona chapsa, n'kusintha. Kwa ife okhala kutali ndi Blantyre, mtima wathu ukupendekera ku chimwalacho, ngakhale tikudziwa kuti onyamula adzatitchula maina pokwera nacho ku Chiringa.

Opita kukagula asapite chimanjamanja. Atenge besi yathu yomwe ndi chingwe chake, ndipo apite awiri, wina woimba, wina woima patali kumvetsera. Akhwefule nsambo yaikulu kufika ku D, akweze mpaka theka ndi kupitirira, aimbe kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, chifukwa matenda ambiri a ampu amaoneka ikatentha. Sipika ikamalira ngati pepala long'ambika, aisiye. Apotoze kabatani kalikonse, amve ngati kakukhwekhwereza. Ayang'ane kumbuyo ngati kuli kabowo ka mano atatu kolembedwa XLR kapena DI: kameneko kamatumiza besi ku mikisa ya zokuzira mawu, ndipo tsiku la ukwati pabwalo, ampu ya mawati 100 idzangothandiza woimbayo kudzimva yekha, masipika aakulu n'kusenza zotsalazo. Kukakhala kabowo kowonjezerapo sipika, awerenge ma ohm olembedwa pamenepo. Sipika ziwiri za 8 zikalumikizidwa mbali ndi mbali zimapanga 4, ndipo ampu yosalola 4 ingathe kupsa. Wogulitsa akakana kuti ayese, athokoze mwaulemu, atuluke, alowe sitolo yotsatira.