Wolangiza ophunzira nayenso ayambe waphunzira

Pamene m'badwo wathu unkakula, mwana wa sukulu akasokonezeka maganizo ankamutumiza kwa ahedi, kwa amatroni kapena kwa abusa, ndipo zikavuta uthenga unkapita kumudzi kuti atsibweni abwere. Anthu amenewa ankalangiza ndi mtima wonse, koma njira inali imodzi: wamkulu kulankhula, mwana kuweramitsa mutu. Lero uphungu ukuphunziridwa m'kalasi, monga ku St John of God College of Health Sciences ku Mzuzu, ndipo ena akupitiriza mpaka digiri yachiwiri ya masitazi. Ine ndikuona kuti kusinthaku kunafunika, ndipo sikunafike pomwe kuyenera kufika.

Amene anayamba kusintha ndi ophunzirawo. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Nthawi yomweyo Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, inali ikutenga makolo ndi amalume omwe akanalangiza anawo. Mayunivesite anachuluka, ya Mzuzu inalandira ophunzira oyamba mu 1999, ya MUST mu 2014. Wophunzira wa masiku ano kawirikawiri amakhala woyamba m'banja kufika pamenepo, amachita lendi kachipinda kunja kwa sukulu, amadikira ndalama za ngongole, ndipo kumudzi amamuwerengera kale ngati wowathandiza. Atsibweni ali kutali, komanso moyo wotere sanauonepo.

Ena amati izi n'zachizungu, popeza ife tili ndi anankungwi ndi akuluakulu a mpingo. Koma unankungwi sunali wa aliyense; munthu ankayamba wakhala pansi pa odziwa kwa zaka. Kuphunzira kaye musanagwire mtima wa mwana wa mwini ndi mwambo wathu womwe. Chimene maphunziro apamwamba amawonjezera ndi luso losiyanitsa ulesi ndi matenda a nkhawa, kulimba mtima kofunsa mosazungulira ngati munthu akuganiza zodzipha, kusunga chinsinsi ngakhale akuluakulu a sukulu atafuna kudziwa, ndiponso kuzindikira nthawi yotumiza wophunzira kuchipatala cha matenda a maganizo cha Zomba kapena kwa dokotala wina. Mawu akuti "limba mtima, ndiwe mwamuna" apulumutsa ena, koma kwa wodwala amangomutseka pakamwa.

Kutsutsa kwina kuli ndi mphamvu ndithu: dziko losauka lingakwanitse bwanji? Aphungu oyeza magazi anaphunzira milungu yochepa, ndipo ntchito anaigwira yotamandika. Zoona, koma iwo anali ndi nkhani imodzi ndi ndondomeko yolembedwa. Wophunzira amalowa atasenza njala, mimba, njuga za pafoni ndi mayeso olephera pakamodzi. N'chifukwa chake ku South Africa munthu salembetsedwa ngati counselling psychologist asanakhale ndi masitazi, chaka chogwira ntchito moyang'aniridwa, ndi mayeso a bungwe la HPCSA. Sindikunena kuti sukulu iliyonse ilembe wa masitazi mawa. Ochepa ophunzira mozama ndiwo angayang'anire aphunzitsi ambiri amene anangopita ku maphunziro a sabata imodzi, n'kumaunika nawo nkhani zovuta. Koma mayunivesite akapanda kutsegula malo a ntchitoyi ndi malipiro oyenera, ophunzira bwinowo adzathera ku mabungwe, ndipo uphungu udzatsalira lekichara amene ali kale ndi kalasi ya anthu mazana.